Tsiku Limene Sefa Sinadonthe

Achimwene anga a Lyford Nakhumwa si munthu wa mawu. Kuyambira tili ana m'komboni ya pa esiteti ya tiyi, Mulungu anatigawira bwinobwino: pakamwa anapatsa ine Rosaria, manja anapatsa iwo. Ine ndikapsa mtima phiri lonse limamva. Iwo akapsa mtima amatola sipanala n'kukagona pansi pa galimoto, ndipo ukawafunsa kanthu amangoti "eya," ngakhale funsolo likhale losafuna eya.

Bambo athu anachoka ku Mulanje wapansi, kudutsa kwa Apwitikizi, n'kuyamba kuthyola tiyi ku Chipinge, m'dziko lino la anthu olankhula Chishona. Atamva kuti ku Honde kwatsegulidwa minda yatsopano anasamukira kuno, ife n'kubadwira konkuno. Ku Mulanjeko sitinapondeko. Kunangotsala m'kamwa mwathu, m'Chinyanja chomwe ana athu amachiseka. Achimwene analowa m'munda wa tiyi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, dengu kumsana. Atakhwima pang'ono anawaika pa lole yonyamula masamba, ndipo dalaivala wa loleyo anaona kuti makutu awo amamva injini kuposa mmene amamvera anthu. Anawaphunzitsa chiwongolero. Mapeto ake anapatsidwa galimoto ya bwana woyendera minda, ija yam'thengo yokoka ndi matayala onse anayi, yayitali, yadenga lachitsulo, yobiriwira ngati tiyi yemweyo. Anaiyendetsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Pamene iwo ankapuma ntchito, galimotoyo inali itapuma kalekale. Inali kuseri kwa galaja, itakhala pa njerwa, nkhuku za alonda zikuikiramo mazira. Anzawo popuma ankapempha malata, ena njinga. Achimwene anapempha chigoba chimenecho. Ndinawanena, sindibisa.

"Achimwene, zaka zonsezi mukutuluka ndi khola la nkhuku?"

Anati eya. Anaikoka ndi thirakitala mpaka ku Mandeya, pakamunda kamene abale a akazi awo anawapatsa, ndipo chaka chisanathe inalira. Kuyambira pamenepo sinapumenso. Inkatsitsa nthochi zathu kupita kumsika wa pa Hauna, inkanyamula odwala, amayi oyembekezera, ngakhale akwati. Inkanyamulanso maliro. Akuti kwathu ku Malawi kuli adzukulu osamala za imfa, koma kuno makolo athu analibe, ndiye anapanga bungwe la maliro la ife a Chinyanja. Nthawi ya mvula makombi, maminibasi a kuno, amakana njira ya kwathu, amatsitsa anthu pamene tala wathera. Yokwera chitunda chamatope chija itasenza bokosi inali galimoto ya achimwene yokha.

Koma kudontha kwake, maiwe! Amene amaidziwa mvula ya ku Honde akudziwa chimene ndikunena. Kuno imatha kugwa sabata yathunthu osapumira, zovala n'kuchita nkhungu m'sutikesi. Ikayamba, m'galimotomo munkagwanso mvula yakeyake. Madzi ankalowa m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, pa tizitseko tiwiri tolowetsa mphepo tomwe tili pansi pa galasilo, m'zitseko, m'timisomali ta denga. Ena sunkadziwa n'komwe kumene achokera, unkangomva akuzizira m'khosi.

Amene anaipatsa dzina ndi alamu anga a Jesca, akazi awo a achimwene. Anali Mmanyika, mtundu wa eni dera lino, wa ku Mandeya komweko, wamfupi, wansangala. Chinyanja anachiphunzira kwa mayi athu mpaka kumatinyogodola nacho eniake. Tsiku loyamba kunyowa m'galimotomo anati, "Bambo a Letwin, iyi si galimoto, ndi sefa." Dzina n'kukhazikika. Mpaka ana a pamsika ankakuwa kuti Sefa yafika. Mpando wa kumanzere unali wa alamu, ndipo mvula ikamagwa ankakhala atafungata kabeseni kachitsulo pamiyendo. Ulendo wonse kuchoka ku Hauna unkangomva tho, tho, tho. Kakadzaza ankatsegula windo n'kukhuthula, nkhani ikupitirira.

Musaganize kuti achimwene ankangoyang'ana. Chaka chilichonse mu Okutobala, dzuwa lili phwee, mvula isanayambe, panali ntchito yomata Sefa, ndipo inali ntchito ya anthu awiri. Alamu ankalowa m'kati ndi choko, n'kutseka zitseko ndi mawindo onse. Achimwene ankatsala kunja ndi kheni yothiririra ndiwo. Lamulo linali loti kuthira kuyambire pansi, kumakwera pang'onopang'ono: zitseko kaye, kenako galasi, denga pomaliza. Ukayambira padenga madzi amayenderera ponseponse, sudziwa khomo lomwe alowera. Dontho likaoneka, alamu ankagogoda, n'kulilondola ndi chala mpaka pomwe layambira, n'kulembapo mtanda.

Apa ndi pomwe ankakangana chaka ndi chaka. Achimwene ankafuna kumata pomwe padonthera. Alamu ankati ayi, madzi amalowa kwina n'kukagwera kwina, amayenda mobisala m'nthiti za denga.

"Madzi saiwala khwawa, bambo a Letwin. Tsekani kumene achokera."

Ndiye achimwene ankasungunula phula m'chitini, n'kudula chubu chakale timizeremizere toika m'zitseko. Masiku ano anawonjeza silikoni wa m'sitolo za pa Hauna. Inkagwira mwezi umodzi, iwiri, kenako mabampu a msewu wathu n'kutsegula pena. Panalinso kachinthu kena: alamu sankalola kuti ntchitoyi ichitikire pabwalo. Nthawi zonse ankati, "Kaimikeni pamtengo wa mapeyala paja." Mtengowo uli pakachitunda kuseri kwa nyumba, ndipo galimoto ikaima pamenepo mphuno imaloza kumwamba. Tonse tinkati mayiwa akuthawa dzuwa, ndi ndani angakhale m'chitini chotseka mu Okutobala popanda mthunzi.

Chaka china tinanyamula maliro a agogo a Joana, omwe ankaphika kusukulu ya pa esiteti. Mvula inali yoopsa, phula la chaka chimenecho litasweka kale. Tikufika kumanda, nsalu yoyera yomwe amayi a kutchalitchi amafunditsa bokosi inali itanyoweratu, itamatirira pathabwa, ili ndi mizere yadzimbiri. Manyazi anatigwira tonse. Pobwerera alamu analankhula, kabeseni kali pamiyendo.

"Bambo a Letwin, ine ndanyowa mokwana m'galimoto yanuyi. Tsiku langa likadzafika mudzandinyamule momwemuno, sindifuna ya eniake. Koma ulendo umodzi wokhawo, chonde, ndidzafike wouma."

Ine ndinaseka, iwonso anaseka. Achimwene anati eya, maso ali pamsewu.

Chaka chathachi Okutobala anadutsa Sefa osamatidwa. Alamu anali atagona kale, mimba ikuwapweteka, akuwonda tikuona. Tinayenda nawo m'zipatala, ku Hauna, ku Mutare, mpaka madokotala anatiuza zoona. Anamwalira mu Januwale, Lachiwiri m'mawa, kuchipatala cha pa Hauna, mvumbi uli pa tsiku lachitatu. Thupi linatsala ku mochale. Tinagwirizana zoika Lachisanu podikira mwana wawo mmodzi yekhayo, Letwin, yemwe amagwira ntchito ku Joni.

Achimwene sanalire. Kuchipatala anasaina pomwe anawalozera. Kunyumba anakhala pampando womwe anawaikira pakati pa azibambo, pansi pa tenti. Opepesa akabwera ankapereka dzanja, chakudya chikabwera ankadya, ukachotsa mbale osatha sankafunsa. Inenso, wapakamwa ine, ndinali chimodzimodzi. Ndinkalowa m'nyumba ya siwa, amayi akulira, n'kukhala pamphasa n'kumayang'ana khoma. Mumtima munalibe chilichonse, ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yayitali.

Lachitatu m'mawa anthu anangoona mpando uli wokha. Achimwene anali atalowetsa Sefa m'shedi momwe timasungira nthochi, akupala phula lakale padenga ndi mpeni. Kwee, kwee, kwee, phokoso kumveka mpaka pasiwa, pakati pa nyimbo.

A Johane, wapampando wa bungwe lathu la maliro, anandiitanira pambali. Ndi bambo wachikulire, wofatsa, anali kapitawo wa othyola tiyi.

"Mayi Rosaria, izi sizichitika. Mwamuna woferedwa sagwira chitsulo mkazi wake asanalowe m'nthaka. Amakhala pansi, anthu am'pepese. Akuchikazi ayamba kale kung'ung'udza. Akuti kodi a Chinyanja maliro amalira chonchi? Kalankhuleni nawo, inu amakumverani."

Kundimvera? Koma ndinapita, ndipo mkwiyo unandithandiza, chifukwa ndi chinthu chokha chomwe ndinachimva m'thupi sabata imeneyo.

"Achimwene! Mwapenga kodi? Akazi anu ali mu furiji ku Hauna, inu muli pamwamba pa chigoba! Anthu achoka ku Chipinge kudzakupepesani, akapepese mpando? Mukutichititsa manyazi pamaso pa eni mudzi. Tsikani!"

Sanatsike. Anapitiriza kupala mpaka anafika pakona, n'kupukuta mpeni pa ovolosi.

"Ndinavomera," anatero.

"Munavomera chiyani?"

"Kuti adzafika wouma."

Mawu aja ndinali nditawaiwala, ndinkayesa nthabwala za m'galimoto. Iwo anawasunga zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinayesa kunena kuti tingofunditsa bokosi ndi pulasitiki, nkhani ithe.

"Si thumba la feteleza," anatero osandiyang'ana.

Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka choko.

"Palibe wokhala m'kati."

Ndinabwerera kwa a Johane n'kuwauza kuti akuchikazi ang'ung'udze mpaka atope, ndipo amene ali ndi mawu abwere kwa ine. Palibe anabwera. Amandidziwa.

Tinagwira ntchito masiku awiri. Phula silimata pachitsulo chonyowa, ndiye tinayamba n'kuumitsa. Tinapukuta denga ndi masaka, n'kuyatsa mbaula ziwiri, imodzi m'kati ina paboneti, mpaka chitsulo chinafunda. Achimwene anakolopa kangalande konse kozungulira denga, momwe munadzaza dothi ndi masamba ovunda, n'kuthiramo phula latsopano. Msomali uliwonse wa padenga anaudontheza phula pamutu, umodziumodzi, ndipo ilipo yambiri. Tizitseko ta mphepo tija anatimatiratu ndi silikoni, akuti mphepo tidzaifuna chaka china. Mphira wa chitseko chakumbuyo unali utauma ngati chikopa, anauchotsa n'kumata chubu chopinda pawiri. Anachotsanso benchi imodzi yakumbuyo kuti bokosi lidzalowe chitseko n'kutsekeka. Ankatambasula dzanja, ine n'kuikamo chomwe ndaganiza kuti akufuna.

Lachinayi masana ndinalowa m'kati, iwo n'kunditsekera. Aka kanali koyamba kuti ndikhale m'menemo ndekha, injini ili zii. Nditakweza maso ndinaona mitanda. Denga lonse linali mitanda ya choko, ina yofufutika, ina yowala, zaka khumi ndi zinayi za dzanja la alamu anga. Pena analemba "apa," pena "apanso," pena "ndinanena." Ndinaziwerenga ngati ndikuwerenga mitengo ya katundu pasitolo. Ndinkadziwa kuti apa munthu ayenera kulira, koma misozi inakana.

Kunja kheni inayamba. Zitseko kaye. Chakumanzere chinalowetsa pakona yam'munsi, ndinagogoda, ndinalemba. Galasi linalowetsa pakati, ndinalilondola dontho ndi chala monga ankachitira alamu, n'kupeza kuti layambira kumanja, kutali ndi pomwe limagwera. Padenga msomali umodzi unatuluka thukuta. Malo atatu. Anaumitsa, anamata, tinadikira, tinayambiranso. Ulendo wachiwiri anathira makheni khumi, akutunga mumgolo wa pakhonde, mpaka pansi pa shedi panasanduka dambo. Ine m'kati ndinayendetsa chikhato paliponse, m'makona, m'nthiti za denga, pansi pa mipando.

"Kuli bwanji?" anafunsa ali kunja.

"Kouma, achimwene."

Anaika kheni pansi n'kuima pomwepo, manja ali lende. Madzulo omwewo Letwin anafika, n'kudzigwetsa pamapazi pawo akulira. Iwo anamugwira pamutu ngati akuyesa ngati papaya lapsa.

Lachisanu mvula inali isanasinthe maganizo. A Johane anayesanso kunena kuti woferedwa sayendetsa yekha maliro a mkazi wake, tipeze dalaivala wina. Koma magiya a Sefa amadziwa dzanja limodzi lokha, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Ku mochale amayi a kutchalitchi anasambitsa thupi n'kuliveka yunifomu ya kutchalitchi. Galimoto anaibweza chambuyo mpaka pakhonde penipeni, bokosi n'kulowa osakhudzidwa ndi dontho. Tinalifunditsa nsalu yoyera ija, yochapidwa, yositidwa. Kutsogolo kunakhala achimwene, Letwin pakati, a Johane pampando wa alamu. Kumbuyo malo anatsala a munthu mmodzi, pabenchi ya m'mbali mwa bokosi, ndipo munthuyo ndinali ine. Ena onse anakwera kombi yoti ikawatsitse pothera tala, akwere chitunda wapansi.

Pa tala zinayenda bwino. Mvula inkamenya denga ngati akukhuthula chimanga, koma m'kati munali mouma, mofunda, mukununkha phula. Sefa yomwe ndinaidziwa zaka zonsezi inali isanakhalepo chonchi. A Johane anayamba nyimbo chapansipansi, Letwin akusisima. Ine maso anali padenga, kuchoka pamtanda uwu kupita pa uwo.

Tinasiya tala, achimwene analowetsa giya yamphamvu, mphuno ya galimoto n'kuloza kumwamba. Chitunda cha kwathu n'chachitali, ndipo nthawi ya mvula ukaima pakati sunyamukanso, umabwerera chambuyo mpaka kumtsinje. Tisanafike n'pomwe pa mpopi woyamba, ndinaona kanthu kakunyezimira pakona yakumbuyo, pamwamba pa chitseko. Kanayenda pang'onopang'ono m'nthiti ya denga, n'kudzaima pamwamba penipeni pa bokosi, cha kumutu. Kanayamba kutupa.

Ndinayang'ana komwe kachokera. Pakona imeneyo panali mitanda yambiri kuposa pena paliponse, yothinana, wina pamwamba pa unzake, chaka ndi chaka. Dzulo lake ndinaiona, ndinapayendetsa chikhato, panali pouma. Panali pouma chifukwa m'shedi pansi m'posalala, galimoto inaima mowongoka. Ikakwera chitunda, madzi onse a padenga amathamangira kumbuyo, n'kudzadza pakona imeneyo mpaka kupeza njira. Alamu anga sankafuna mthunzi pamtengo wa mapeyala paja. Ankafuna chitunda. Zaka khumi ndi zinayi ankadziwa, ife tikuwaseka kuti akuopa dzuwa, ndipo mvumbi utatithamangitsira m'shedi palibe mwa ife awiri amene anaganizako.

Dontho loyamba ndinalilandira m'dzanja. Lachiwiri linabwera msanga. Pansi pa benchi panali kabeseni kaja, ndipo ndinali nditakagwira kale pamene ndinakumbukira kulira kwake. Tho, tho, tho. Achimwene akhoza osamva munthu akuwaitana pafupi, koma phokoso limenelo angalimve ngakhale pakati pa mabingu. Akanalimva akanaima, ndipo akanaima tikanabwerera kumtsinje ndi maliro. Ngakhale akanapanda kuima, akanadziwa. Ndinakabwezera pansi mwakachetechete.

Manja sakanakwanira, galimoto inkagwedezeka, dontho likugwera uku ndi uku. Ndinagwada pansi, n'kuwerama pamwamba pa bokosi, mikono nditaitambasula mbali zonse, osaligonera kuti ndingadetse nsalu. Msana wanga unakhala denga. Ndine mayi wathupi, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza. Madontho ankagwera pakati pa mapewa, ozizira ngati singano, n'kumwerera mu juzi, kenako m'bulauzi, kenako kutsetsereka mumsana mpaka m'chitenje. Ndinavula duku n'kulipinda pakhosi kuti madzi asatsikire kutsogolo. Posakhalitsa sanalinso madontho, anali kamtsinje.

Letwin anacheuka n'kundiona. Iye amandiitana tete, Chishona, mawu oti azakhali amawamva ngati a m'buku.

"Tete, musalire choncho, mudwala," anatero, iye mwini akulira.

Sindinali kulira. Ndinalibe ngakhale msozi umodzi. Ndinkangowerenga mabampu omwe ndimawadziwa pamtima: pa mlatho wamatabwa, pa nthochi za a Edmore, pa mwala wogawanika. Mawondo anachita dzanzi, msana unachita dzanzi, ndipo ndinaona kuti ndi bwino choncho. Nkhope yanga inali pafupi ndi nsalu, pomwe pansi pake panali nkhope ya alamu. Ndinawanong'oneza kuti, "Inunso alamu, simukanangonena kuti n'chifukwa cha chitunda?"

Matayala anaterereka pa mwala wogawanika, galimoto inapita cham'mbali, injini inakuwa, kenako inagwira. Apo ndi pomwe achimwene analankhula, koyamba chichokereni ku Hauna.

"Rosaria. Kumbuyoko?"

Ine amene sindinawanamizepo m'moyo wanga, amene ndimawauza zoona ngakhale asanafunse.

"Kouma, achimwene. Yang'anani msewu."

Tinafika pabwalo la pakhomo, galimoto inaima mowongoka, kudontha n'kuleka kokha ngati wina watseka mpopi. Ndinayang'ana nsalu kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Yoyera, youma. Koma ine ndinali chinthu china: kutsogolo wouma, kumbuyo ngati ndagwera m'chitsime. Aliyense wondiona akanafunsa, ndipo achimwene safuna kufunsa, amaona. Injini isanazime ndinatsegula chitseko chakumbuyo, kudumpha, n'kuchitseka msanga. Ndinapita pakati pa bwalo n'kuima pamvula, opanda duku, opanda ambulera. Amayi ankandiitana kuti ndithawire pakhonde, wina anathamanga ndi chitenje, ine n'kumukankha. Anati chisoni chamuzunguza mutu, musiyeni. Ndinaima mpaka kutsogolo kunafanana ndi kumbuyo.

Azibambo a bungwe anabwera ndi tenti yaing'ono atainyamula m'makona, n'kuiimika kukhomo la galimoto. Achimwene anatsika, anazungulira, anatsegula chitseko okha. Anthu anafuna kukoka bokosi, iwo anakweza dzanja. Anapukuta chikhato pa malaya am'kati, n'kuchiyendetsa pansalu pang'onopang'ono, kuchokera kumiyendo mpaka kumutu, n'kubwereranso. Pansi pambali pa bokosi panali ponyowa pomwe ndinagwada, koma pamenepo n'kuti nsapato za onyamula zitapondapo kale.

Anatembenuka n'kundifunafuna ndi maso mpaka anandipeza pamvula paja.

"Sinadonthe," anatero.

"Sinadonthe, achimwene."

Anatulutsa kiyi n'kupatsa a Johane. Anayenda mpaka pampando wawo uja pansi pa tenti, womwe unakhala wopanda munthu masiku awiri, koma sanakhalepo. Anakhala pansi, pamatope, miyendo atatambasula ngati mwana, n'kutsegula pakamwa. Mawu omwe anatuluka sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndakhala nawo zaka makumi asanu ndi limodzi. Akuchikazi omwe ankang'ung'udza aja ndi amene anayamba kuthamanga kukawagwira.

Ine ndinadwala chifuwa milungu itatu. Anthu amati ndi mvula ya pabwalo ija, ndipo ndimawavomera.

Achimwene akuyendetsabe Sefa. Nthochi zikutsikabe ku Hauna Lolemba ndi Lachinayi, ndipo kabeseni kali pomwe kamakhala, ngakhale mpando wa kumanzere nthawi zambiri umapita wopanda munthu. Mwezi wathawu, Okutobala atafika, anabwera kwathu m'mawa n'kuima pakhomo, choko chili m'manja. Ndinavala nsapato n'kuwatsatira. Galimoto anali ataiimika pabwalo, kheni itadzaza kale.

"Osati apa," ndinatero. "Kaimikeni pamtengo wa mapeyala paja."

"Dzuwa silinakwere," anatero.

"Sindikunena za dzuwa."

Anandiyang'ana nthawi yayitali, kuyambira kumaso mpaka m'mapewa. Ine ndinayang'ana kumbali, wapakamwa ine. Kenako anakwera, analiza injini, n'kuikweza pakachitunda paja, mphuno kumwamba. Atatsika ananditsegulira chitseko chakumbuyo, osati chakutsogolo, ndipo anadikira mpaka nditakhala bwino asanatseke.